Mmene mungasankhire, kusungira ndi kumwera mowa wosakaniziratu wa m'zitini

Munthu akalowa m'sitolo yaikulu ku Johannesburg, ku London kapena ku New York masiku ano, amapeza kuti pafupi ndi mowa umene anauzolowera pandandalikidwa zitini zowonda, zamitundu yowala, zojambulidwa mandimu, mango ndi zipatso zina, moti wosayang'anitsitsa angaganize kuti ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. M'zitini zimenezi muli mowa wosakaniziratu, woti munthu angotsegula n'kumwa popanda kufunafuna soda kapena madzi a zipatso osungunulira. Mitundu ina ya zakumwa zotere, makamaka yochokera ku South Africa, imafikanso m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Vuto lake ndi lakuti lilime, limene limatichenjeza tikamamwa mowa wowawa, pano silithandiza konse, chifukwa opanga anachita kukonza dala kuti mowawo usamveke m'kamwa. Choncho munthu wamkulu amene wasankha kumwa zakumwa zimenezi ayenera kudalira maso ndi masamu ochepa, ndipo malangizo otsatirawa akufotokoza mmene angachitire zimenezo.

Yambani ndi kudziwa chimene chili m'chitinimo

Ngakhale zitinizi zimaoneka zofanana, mowa wake umachokera m'njira zitatu zosiyana, ndipo aliyense amene anaonapo amayi akufulula masese kapena akutcheza kachasu sangavutike kuzimvetsa.

Njira yoyamba ndi ya chakumwa chimene chimatchedwa hard seltzer. Dzina lakuti seltzer linachokera ku Selters, dera la ku Germany kumene kumatuluka madzi a m'kasupe okhala ndi mpweya wothethetsa, ndipo mawu akuti hard akungosonyeza kuti m'madziwo muli mowa. Opanga ambiri a ku America amasungunula shuga wa nzimbe m'madzi, n'kuthiramo yisiti kuti awire mpaka shugayo atasanduka mowa. Akatero amasefa madziwo kangapo, nthawi zambiri pogwiritsa ntchito makala okonzedwa mwapadera, mpaka mtundu ndi fungo zitatheratu, kenako amawasungunula ndi madzi ena, n'kuthiramo zonunkhiritsa za zipatso ndi mpweya. Uku ndi kufulula, osati kutcheza, ndipo n'chifukwa chake ku America chakumwachi chimalipitsidwa msonkho wofanana ndi wa mowa wamba, umene ndi wotsika poyerekeza ndi wa mowa waukali. Woyamba kuchigulitsa m'njira imene tikuidziwa lero anali Nick Shields wa ku Connecticut, amene anayambitsa SpikedSeltzer mu 2013. White Claw ya kampani ya Mark Anthony Brands ndi Truly ya Boston Beer Company zinatulukira mu 2016, ndipo pofika mu 2019 anthu a ku America anazikonda kwambiri mpaka White Claw inayamba kusowa m'masitolo ena.

Njira yachiwiri ndi yotenga mowa waukali, wochita kutcheza, monga vodka, jini, ramu, wisiki kapena tequila, n'kuusakaniza ndi soda, toniki, kola kapena madzi a zipatso. M'gulu limeneli muli jini ndi toniki wa m'zitini amene ndi wofala ku Britain, High Noon ya ku America imene imapangidwa ndi vodka, ndiponso Jack Daniel's wosakaniza ndi Coca-Cola amene anayamba kugulitsidwa ku Mexico mu 2022. Gulu lino ndi lofunika kusamala nalo kuposa ena onse, popeza mphamvu ya mowa wake imasiyana kwambiri, kuyambira pa 4 peresenti mpaka kupitirira 12 peresenti.

Njira yachitatu ndi ya zakumwa zotsekemera zochokera ku chimera, ku vinyo kapena ku maapozi. Zina mwa izi ndi zakale ndithu: Hooch inatchuka ku Britain mu 1995, Smirnoff Ice inabwera mu 1999, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno amalonda amaika pamodzi Brutal Fruit ndi mowa wa maapozi monga Savanna ndi Hunter's. Dziwaninso kuti dzina limodzi lingathe kubisa zinthu zosiyana. Smirnoff Ice ya ku America imapangidwa ndi chimera pamene ya m'mayiko ena ambiri ili ndi vodka, choncho musadalire zimene munazolowera kudziko lina. Tembenuzani chitini n'kuwerenga mndandanda wa zimene athiramo.

Manambala awiri amene muyenera kuwapeza musanatsegule

Pa chitini chilichonse pamalembedwa kuchuluka kwa chakumwacho m'mamililita, ndiponso mphamvu ya mowa m'maperesenti, imene kawirikawiri imatsatiridwa ndi zilembo zakuti ABV kapena mawu akuti alc/vol. Manambalawa amalembedwa aang'ono, nthawi zina m'mbali kapena m'munsi, pamene chithunzi cha chipatso chimadzaza chitini chonse. Anthu ambiri amene amayesa kuwerenga amangoona peresenti yokha n'kulekera pomwepo, koma peresenti payokha siuza munthu kuchuluka kwa mowa umene ulowe m'thupi mwake. Muyenera kuiphatikiza ndi kukula kwa chitini.

Chitani motere. Chulukitsani mamililita ndi peresenti, kenako gawani ndi 1,000. Nambala imene mwapeza ndi chiwerengero cha miyezo ya mowa monga amawerengera ku Britain, kumene muyezo umodzi ndi mamililita 10 a mowa weniweni, kapena magalamu 8. Ubwino wa muyezo umenewu ndi wakuti ukufanana ndendende ndi toti imodzi ya mamililita 25 ya mowa waukali wa 40 peresenti, chinthu chimene aliyense amene anakhalapo pa bala angathe kuchiona m'maganizo mwake. Kunena kwina, masamuwa akukuuzani matoti amene abisala m'chitini.

Tiyese ndi zitsanzo. Chitini cha mamililita 330 cha 5 peresenti chikupereka 1,650, ndipo tikagawa ndi 1,000 tikupeza 1.65, kutanthauza toti imodzi ndi theka n'kupitirira pang'ono. White Claw ya ku America ili m'chitini cha mamililita 355 pa 5 peresenti, choncho ili ndi matoti pafupifupi 1.8, chimodzimodzi ndi chitini cha mowa wamba cha kukula komweko. Ya ku Britain ndi yofookerapo, ili pa 4.5 peresenti m'chitini cha mamililita 330, ndipo ikutsala pang'ono kukwana toti imodzi ndi theka. Chitini cha mamililita 440 cha 6 peresenti chili ndi matoti 2.6. Tsopano taonani chakumwa cha ku Japan chotchedwa Strong Zero, cha kampani ya Suntory, chimene chimamveka ngati madzi a mandimu m'kamwa: chitini chake chachikulu ndi cha mamililita 500 pa 9 peresenti, ndipo masamu akupereka matoti 4.5. Munthu amene wamwa zitini ziwiri zotere n'kumauza anzake kuti wangomwa ziwiri zokha wamwa matoti 9, mowa umene sakanalola kuti wogulitsa pa bala amuthirire m'tambula imodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa zitini zimenezi nyererezo zinalembedwa poyera, kungoti ndi zilembo zazing'ono.

Mukadziwa matoti a m'chitini chimodzi, mutha kuyerekeza ndi malire amene madokotala amapereka. Kuyambira mu 2016, akuluakulu a zaumoyo ku Britain amalangiza amuna ndi akazi omwe kuti asapitirire miyezo 14 pa mlungu, ndipo miyezoyo aigawe pa masiku atatu kapena kuposerapo m'malo moimwa tsiku limodzi. Miyezo 14 ndi zitini 8 zokha za mamililita 330 pa 5 peresenti, kapena zitini 3 za Strong Zero. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa pafupifupi muyezo umodzi pa ola, ndipo palibe khofi, madzi ozizira kapena msuzi wa tsabola umene ungachifulumizitse. Chitini chimodzi cha 5 peresenti chimafuna nthawi yoposa ola limodzi ndi theka kuti chithe m'magazi, pamene ambiri amachimaliza m'mphindi 15.

Mawu otsatsa malonda muwawerenge komaliza

Chimene chinatchukitsa hard seltzer ndi uthenga wakuti ndi chakumwa chopepuka, choyenera anthu osamala za thupi lawo. Pa chitini cha White Claw ku America pamalembedwa kuti muli makalori (muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) 100 ndi magalamu 2 a shuga, ndipo zimenezi ndi zoona. Koma galamu imodzi ya mowa ili ndi makalori 7, ndipo m'chitinimo muli magalamu 14 a mowa, kutanthauza kuti makalori pafupifupi onse 100 akuchokera ku mowawo. Chimene achotsa ndi shuga yekha. Kwa munthu amene akufuna kuchepetsa shuga, kusiyana kumeneku n'kothandiza ndithu, ndipo sindikufuna kukupeputsa, chifukwa zakumwa za gulu lachiwiri ndi lachitatu nthawi zambiri zimakhala ndi shuga wofanana ndi wa zoziziritsa kukhosi. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi magalamu 35 a shuga, ndipo mowa wosakaniza ndi kola kapena madzi a zipatso sutalikirana kwenikweni ndi nambala imeneyo. Ngati pa chitini alembapo magalamu a shuga, agaweni ndi 4 kuti mupeze masupuni aang'ono, koma muyambe mwaona ngati nambalayo ndi ya chitini chonse kapena ya mamililita 100 okha.

Komabe kuchepa kwa shuga sikusintha zimene mowa umachita m'chiwindi, mu ubongo ndi m'mitsempha ya magazi. Bungwe loona za kafukufuku wa khansa la IARC linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mu January 2023 bungwe la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tingautche wopanda chiopsezo pa thanzi. Mawu monga akuti chakumwachi n'chachilengedwe, kapena kuti chili ndi madzi enieni a zipatso, amanena za kakomedwe basi. Mawu akuti mulibe gluten ndi ofunika kwa anthu ochepa amene matupi awo sagwirizana ndi tirigu ndi balere, ndipo iwowa asamale ndi zakumwa zochokera ku chimera. Kwa ena onse mawuwa alibe phindu.

Chinthu chimodzi chimene ndingakulangizeni kuchipewa kotheratu ndi mowa wokhala ndi caffeine wambiri, kaya wabwera choncho m'chitini kapena mwausakaniza nokha ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Caffeine amachotsa tulo ndi kufooka, zimene ndi zizindikiro zouza munthu kuti wakhuta mowa, koma sachepetsa kuledzera. Ku America, chakumwa chotchedwa Four Loko chinkagulitsidwa m'chitini cha mamililita pafupifupi 695 pa mphamvu yofika 12 peresenti, ndiye kuti matoti oposa 8, chili ndi caffeine momwemo. Ophunzira angapo a m'makoleji atagonekedwa m'chipatala, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linachenjeza opanga zakumwa zotere mu November 2010, ndipo caffeine anachotsedwamo.

Kugula, kusunga ndi kuziziritsa

Pogula, yang'anani pansi pa chitini pamene amadinda tsiku limene chakumwacho chiyenera kukhala chitamwedwa. Mowa wa m'chitini chotsekedwa bwino suopsa tsikulo likadutsa, koma fungo la zipatso limazilala ndipo kakomedwe kamasintha, makamaka ngati katunduyo wayenda ulendo wautali padzuwa. Siyani chitini chofufuma, chodontha, kapena chopindika pamsoko wa m'mwamba. Zakumwa zokhala ndi mkaka kapena kirimu musazipatse mpata ngakhale pang'ono tsiku likadutsa. Mukakayikira mtundu watsopano, gulani chitini chimodzi kaye, chifukwa hard seltzer imakhumudwitsa anthu ambiri amene amayembekezera kutsekemera: fungo la chipatso limamveka m'mphuno, koma m'kamwa mumangofika madzi othetheka.

Kunyumba, sungani zitini pamalo ozizira ndi opanda dzuwa, osati m'galimoto yotsekedwa kapena pafupi ndi mbaula. Zakumwazi zimakoma zikazizira pakati pa madigiri 3 ndi 5, ndipo m'firiji zimafika pamenepo pakatha maola awiri kapena atatu. Musaziiwale m'chipinda choundanitsira, pakuti chakumwa cha 5 peresenti chimaundana pa madigiri awiri kapena atatu pansi pa ziro, ndipo madzi akaundana amafutukuka n'kung'amba chitini. Magetsi akathima, kapena mukakhala kunyanja, ikani zitini m'ndowa kapena m'bokosi loziziritsira, thiranimo ayisi ndi madzi pamodzi, n'kuwazamo mchere wodzaza dzanja. Madzi amakhudza chitini mbali zonse pamene ayisi yekha amasiya mipata, ndipo mchere umachititsa madziwo kuzizira kwambiri, moti m'mphindi 15 kapena 20 chakumwa chimakhala chitazizira.

M'nyumba mmene muli ana, nkhani yosunga ndi yaikulu kuposa kakomedwe. Mwana amene sanayambe kuwerenga, ngakhalenso wamkulu amene sadziwa Chingerezi, sangasiyanitse chitini cha mowa chojambulidwa mango ndi cha madzi a mango, makamaka tsopano pamene mayina odziwika a zoziziritsa kukhosi akupezekanso pa zitini za mowa. Mowa wochepa ungathe kutsitsa shuga m'magazi a mwana wamng'ono mpaka kumukomola. Zitini za mowa zikhale pa shelefu yakeyake ya pamwamba, ndipo pa phwando zikhale m'ndowa ina, kutali ndi mmene muli zakumwa za ana ndi za anthu osamwa. Mlendo amene mukumupatsa chitini muuzeni momveka kuti muli mowa, popeza ena samwa chifukwa cha chipembedzo kapena matenda, ndipo kumumwetsa mosadziwa ndi kumulakwira kwambiri.

Pomwa

Idyani kaye chakudya chenicheni, nsima ndi ndiwo zake kapena china chokhala ndi mafuta pang'ono, osati tchipisi tiwiri tokha. M'mimba mukakhala chakudya mowa umalowa m'magazi pang'onopang'ono, pamene m'mimba mopanda kanthu, makamaka ndi chakumwa chokhala ndi mpweya, umathamanga. Tsukani kapena pukutani pakamwa pa chitini musanatsegule, chifukwa chadutsa m'malo osungira katundu mmene mumakhala fumbi ndi makoswe. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuthira chakumwacho m'tambula yokhala ndi ayisi: mumaona ndi maso mmene chikutsikira, ayisi amachisungunula pang'ono, ndipo chitini chimodzi chimakhalitsa. Musawonjezere vodka kapena jini m'chakumwa chimene chili kale ndi mowa, chizolowezi chimene chimabwera chifukwa choganiza kuti chitinicho ndi chosungunulira chabe. Mukatero masamu onse aja asokonezeka.

Sankhani chiwerengero cha zitini musanatsegule choyamba, ndipo muchite zimenezi m'matoti, osati m'zitini. Ngati mwadziikira matoti anayi madzulo amenewo, ndiye kuti ndi zitini ziwiri za 5 peresenti, kapena chitini chimodzi chosakwana cha mamililita 500 pa 9 peresenti. Pakati pa chitini ndi chinzake imwani tambula ya madzi. Dzina lakuti seltzer lisakupusitseni kuganiza kuti mukumwa madzi, chifukwa mowa uliwonse umachulukitsa mkodzo, ndipo pa kutentha kwa mwezi wa October kusowa madzi m'thupi kumakulitsa matsire. Njira yosavuta yowerengera ndi kusunga zitini zanu zopanda kanthu pamalo amodzi mpaka mutamaliza, m'malo molola kuti azichotsa chimodzichimodzi. Chitini chotsegula musachisiye poyera n'kudzachibwerera, pakuti simungaone chimene chalowamo, kaya ndi njuchi zimene zimatsata shuga kapena mankhwala amene munthu woipa mtima wathiramo.

Za kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, konzani musanayambe kumwa kuti ndani akakufikitseni kunyumba. Munthu amene wamwa zitini zisanu ndi chimodzi za 5 peresenti mpaka pakati pa usiku wamwa matoti pafupifupi 10, ndipo angathe kudzuka m'mawa mowa ukadali m'magazi ngakhale iye akudzimva bwino.

Pali anthu amene masamu onsewa sakuwakhudza chifukwa sayenera kumwa n'komwe. Awa ndi ana osakwana zaka 18, umene ndi msinkhu wa lamulo ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, pamene ku America ndi zaka 21, amayi oyembekezera, odwala chiwindi, kapamba kapena zilonda za m'mimba, ndiponso aliyense amene anavutikapo ndi uchidakwa, pakuti kwa iye chakumwa chopepuka ndi khomo lobwererera kumene anachoka. Amene mukumwa metronidazole, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Flagyl, musakhudze mowa mpaka patadutsa masiku awiri mutamaliza mankhwalawo. Mankhwala a chifuwa chachikulu amalemetsa kale chiwindi, ndipo mankhwala ogonetsa, a khunyu ndi ena ochepetsa ululu amawirikiza mphamvu akakumana ndi mowa. Odwala matenda a shuga asanyengedwe ndi mawu akuti mulibe shuga, chifukwa mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga m'magazi, ndipo kwa amene amabaya insulin shuga angatsike usiku ali m'tulo. Ngati muli pa mankhwala ena alionse a nthawi yaitali, kuphatikizapo ma ARV, funsani dokotala kapena namwino amene amakuonani.

Mnzanu akapitirira muyeso mpaka kulephera kuima, musamusiye yekha kuti akagone, ndipo musamukakamize kusanza kapena kumuthira madzi ozizira. Mugonekeni chammbali, bondo la pamwamba litapindika ndipo mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kuti akasanza masanzi asatseke njira ya mpweya, n'kumufunditsa. Mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi ngakhale munthu atasiya kumwa, choncho muzimuyang'ana pafupipafupi. Akapanda kudzuka mukamugwedeza, akamapuma pang'onopang'ono kapena modukizadukiza, khungu likazizira kapena milomo ikasintha mtundu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mutenge chitini chimodzi mwa zimene amamwa kuti madokotala aone kukula kwake ndi mphamvu yake.